Masipika a kompyuta akung'ung'udza: mafunso ndi mayankho kwa okhala mu Lusaka

Masipika a kompyuta akayamba kung'ung'udza, ambiri timafulumira kunena kuti awonongeka, ndipo ena amagula atsopano n'kupeza kuti phokoso lija likadalipo. Nthawi zambiri masipikawo amakhala abwinobwino. Ntchito yawo ndi kukweza chilichonse chimene chawalowa kudzera m'nthambo ya mawu kapena ya magetsi, ndipo sasankha pakati pa nyimbo ndi zosokoneza. Mayankho otsatirawa akonzedwa poganizira nyumba, maofesi ndi matchalitchi a mu Lusaka, kumene magetsi a ZESCO ndi a 230 V pa 50 Hz, ndiponso kumene anthu ambiri amadalira inveta kapena jenereta magetsi akathima.

Kodi ndiyambire pati ndisanawononge ndalama?

Yambani ndi kuzula nthambo, chifukwa kuyesa kumeneku n'kwaulere ndipo kumakuuzani mbali imene vuto lili. Siyani masipika ali oyaka, voliyumu ili pamene mumaisiya masiku onse, kenako zulani nthambo ya mawu pakompyuta n'kuilumikiza ku foni yam'manja imene sili pachaja. Ikani nyimbo, muiimitse, ndipo mumvetsere pamene pali zii. Ngati phokoso latha, masipika anu ndi nthambo yawo alibe vuto, ndipo chofunika kufufuza ndi kompyuta, chaja, soketi kapena chipangizo china cholumikizidwa kukompyutayo. Ngati phokoso likupitirira ngakhale pafoni, ndiye kuti likuchokera m'masipika, m'nthambo yawo kapena m'magetsi amene akuwayendetsa.

Mukadziwa mbali, bwezerani zinthu chimodzichimodzi. Lumikizani kompyuta yokha, mumvetsere. Onjezerani sikirini, mumvetsere. Kenako pulinta, dikoda, chaja ya foni ndi zina zotero. Chipangizo chimene phokoso layambira mutangochilumikiza ndicho muyenera kuchiyang'anitsitsa. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa phokoso likatha simudzadziwa chimene chalithetsa, ndipo likadzabweranso mudzayambiranso pachiyambi.

Kodi phokoso lililonse limatanthauza vuto limodzimodzi?

Ayi, ndipo khutu lanu lingakuthandizeni kwambiri pano. Phokoso lakuya, losasinthasintha, lomveka kuti "ng'uuu", limachokera ku magetsi a pakhoma. Magetsi amenewa amapita uku n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse, ndipo akalowerera m'njira ya mawu amamveka ngati liwu la 50 Hz. Oimba kiyibodi angalizindikire mosavuta, pakuti lili pafupi kwambiri ndi G wa m'munsi. Masipika ang'onoang'ono satha kutulutsa bwino liwu lakuya chonchi, choncho chimene mumamva pa iwo nthawi zambiri ndi 100 Hz kapena 150 Hz, mawu amene amabadwa kuchokera ku 50 Hz yomweyo. Mukaonera malangizo a ku America mudzamva akunena za 60 Hz. Kumeneko magetsi awo amayenda motero, koma vuto lake ndi lomweli.

Phokoso lakuthwa, lolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, nthawi zambiri limachokera ku machaja, ku inveta, ku mababu ena a LED kapena ku machubu owunikira. La "shiii" losalekeza limabadwira m'ampulifaya, mbali yokweza mawu, ikakwezedwa mopitirira. Kuthetheka kumene kumabwera mukagwedeza nthambo kapena mukapotokola voliyumu kumasonyeza fumbi kapena waya woduka. Palinso kulira kopyapyala kumene kumasintha mukasuntha mausi, ndipo kumeneko kumachokera m'kati mwa kompyuta. Pali mapulogalamu aulere a pafoni amene amaonetsa mawu pa chithunzi malinga ndi ma Hz ake, ndipo mzere woima pa 50, 100 kapena 150 umatsimikizira kuti gwero ndi magetsi a pakhoma.

Amisiri amatchula ground loop. Kodi n'chiyani kwenikweni?

Pulagi ya miyendo itatu ili ndi mwendo wautali wa earth, umene umalumikiza chitsulo cha chipangizo ku nthaka kuti munthu asagwidwe ndi magetsi pakachitika vuto. Nthambo ya mawu nayonso ili ndi waya wakunja wokutira winayo, ndipo waya ameneyu amalumikiza chitsulo cha kompyuta ku chitsulo cha ampulifaya. Tsono kompyuta ikakhala pasoketi ina, masipika pasoketi ina, zipangizo ziwirizi zimakhala zalumikizana kawiri: kudzera m'mawaya a earth a m'khoma, komanso kudzera m'nthambo ya mawu. Njira ziwirizi zimapanga bwalo lotsekeka, ndipo bwalo limenelo ndilo ground loop.

Masoketi awiri a m'nyumba imodzi sakhala ndi earth yofanana ndendende. Pamakhala kusiyana kwakung'ono kwambiri, kosakwana ngakhale volt imodzi, komwe munthu sangakumve pogwira, koma kokwanira kuyendetsa timagetsi tochepa m'bwalo lija. Mawu amene kompyuta imatumiza ku masipika nawonso ndi magetsi ochepa, a volt imodzi kapena kucheperapo, choncho timagetsi tosafunika tija tikasakanikirana nawo, ampulifaya imakweza zonse pamodzi. Chizindikiro chake n'chakuti masipika paokha amakhala chete, kompyuta pamahedifoni imamveka bwino, koma mukangoziphatikiza phokoso limayamba, ngakhale mutatsitsiratu voliyumu ya pakompyuta.

Bwaloli silidutsa m'masipika ndi kompyuta mokha. Ngati kompyuta yalumikizidwa ku TV kudzera pa HDMI, ndipo TV yalumikizidwa ku dikoda imene nthambo yake ikuchokera ku dishi kapena eriyo padenga, njira ina yopita ku nthaka imakhala yatseguka. Muzule nthambo ya dishi kwa kanthawi kuti muone ngati phokoso likutha.

Nanga ground loop ndingaithetse bwanji?

Choyamba, ikani kompyuta, sikirini ndi masipika pa ekisitenshoni imodzi yabwino, ya mawaya atatu, yolowa pasoketi imodzi. Zikatero zipangizo zonse zimagawana earth imodzi, bwalo lija limachepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri phokoso limatha kapena limatsika mpaka losamveka. Zipangizo zimenezi sizidya magetsi ambiri, choncho ekisitenshoni imodzi imakwanitsa, bola musaikepo ketulo, ayironi kapena hita.

Ngati zakanika, gulani kachipangizo kotchedwa ground loop isolator, kamene kamaikidwa pakati pa kompyuta ndi masipika. M'kati mwake muli tithiransifoma tiwiri ting'onoting'ono timene timadutsitsa mawu popanda waya wolumikiza mbali ziwirizo, motero bwalo limaduka. Kalipo ka pulagi ya 3.5 mm, yonga ya mahedifoni, ndi ka RCA, mapulagi awiri aja ofiira ndi oyera, ndipo ogulitsa zipangizo za mawailesi a m'galimoto amakadziwa bwino, chifukwa vuto lomweli limavutitsa m'magalimoto. Totchipa kwambiri timachepetsako mawu akuya, koma pa masipika a patebulo kusiyanako sikudetsa nkhawa. Ngati kompyuta ndi masipika zonse zili ndi bowo la optical, nthambo yake ndiyo yabwino koposa pa vuto ili, pakuti imanyamula mawu ndi kuwala, ndipo mulibe chitsulo choti magetsi adutsemo.

Wina anandiuza kuti ndithyole mwendo wa earth papulagi. Kodi ndichite?

Musachite zimenezo, ngakhale zili zoona kuti phokoso likhoza kutha. Waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu uja, ndiye amateteza moyo wanu tsiku limene waya wamoto wakhudza chitsulo cha kompyuta kapena cha ampulifaya. Earth ikakhalapo, magetsi amathamangira ku nthaka, fyuzi ya m'pulagi imapsa kapena buleka imagwa, ndipo ngozi imathera pomwepo. Ikachotsedwa, chitsulo chonse chimakhala ndi 230 V mpaka wina atachigwira, ndipo magetsiwo amayendanso m'nthambo ya mawu kukafika ku chipangizo china chilichonse cholumikizidwa, kuphatikizapo maikolofoni imene munthu amaiyandikiza pakamwa. M'nyumba za pansi pa simenti, mmene ana amayenda opanda nsapato, ngozi imeneyi si yongoyerekeza.

Chimodzimodzinso kumata mwendowo ndi tepi, kumasula waya wake m'kati mwa pulagi, kapena kugwiritsa ntchito adaputa imene earth yake sigunda paliponse. Ndikunena izi motsindika chifukwa malangizo amenewa amafala mosavuta, popeza zotsatira zake zabwino zimamveka nthawi yomweyo pamene zoipa zimabisala. Malo oyenera kudula bwalo ndi panthambo ya mawu, pogwiritsa ntchito isolator, osati papulagi ya magetsi.

Ndikagwira chitsulo cha kompyuta ndimamva kunyerenyetsa. Kodi zikukhudzana ndi phokosoli?

Zikukhudzana kwambiri, ndipo pano vuto ndi losiyana ndi la ground loop: earth palibiretu. Mbali imene imalandira magetsi m'kompyuta ili ndi zosefera zimene zimataya timagetsi tochepa ku earth. Ngati soketi ilibe earth, timagetsito timakhala pachitsulo, n'kumayenda m'nthambo ya mawu, kapena m'thupi mwanu mukagwira. Zimenezi zimapezeka kawirikawiri m'zipinda zalendi ndi m'nyumba zakuseri zimene magetsi ake anakokedwa kuchokera kunyumba yaikulu ndi waya wa njira ziwiri zokha, komanso pa maekisitenshoni otchipa amene ali ndi mabowo atatu kunja pamene m'kati muli mawaya awiri. Yesani soketi ina ya pakhoma popanda ekisitenshoni. Ngati kunyerenyetsa kulipo pamasoketi onse, itanani mmisiri wa magetsi wodziwa ntchito yake kuti ayeze earth ya nyumbayo, ndipo ngati mumachita lendi, mwininyumba adziwe msanga, chifukwa nkhaniyi yaposa ya masipika.

Phokoso limayamba ndikangolumikiza chaja ya laputopu. Chifukwa chiyani?

Machaja a laputopu amasandutsa magetsi a pakhoma kukhala a mphamvu yochepa mwa kuwayatsa ndi kuwazimitsa maulendo masauzande ambiri pa sekondi. Kachitidwe kameneka kamabala zosokoneza, ndipo chaja yabwino imakhala ndi zosefera zozitsekera m'kati. Machaja ambiri ogulidwa m'malo mwa oyambirira amachepetsa zosefera zimenezi kuti atsike mtengo, moti chaja yopepuka modabwitsa poyerekeza ndi imene inabwera ndi laputopu iyenera kukayikiridwa.

Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani chaja, laputopu iyendere batire. Phokoso likatha, bwerekani chaja ina yoyambirira ya mphamvu zofanana, mutawerenga ma volt olembedwa pansi pa laputopu, ndipo muone ngati pali kusintha. Ngati ngakhale chaja yabwino ya miyendo itatu ikubweretsa phokoso lakuya, ndiye kuti ikutseka ground loop, ndipo yankho ndi ekisitenshoni imodzi kapena isolator. Chajayo isagone pamwamba pa nthambo ya mawu kapena pambali penipeni pa ampulifaya.

Pa magetsi a ZESCO masipika amakhala chete, koma pa inveta kapena jenereta amalira. Kodi awonongeka?

Sanawonongeke, koma akukuuzani za mtundu wa magetsi amene akulandira. Funso ili lakhala lofala makamaka kuchokera pa chilala cha 2024, pamene madzi anachepa kwambiri ku Kariba, magetsi n'kumathima maola ochuluka patsiku, ndipo mabanja ndi mabizinesi ambiri anatembenukira ku mabatire, sola ndi majenereta.

Magetsi a ZESCO amakwera ndi kutsika mosalala. Inveta zotchipa, zolembedwa kuti modified sine wave, zimawatsanzira modumphadumpha ngati masitepe, ndipo kudumpha kulikonse kumabala mawu akuthwa amene amadutsa zosefera za masipika. Thiransifoma ya m'masipika imalira komanso imatentha kuposa masiku onse ikamalandira magetsi otere, choncho kuwayendetsa motero kwa maola ambiri kumafupikitsa moyo wawo. UPS zambiri zazing'ono za m'maofesi, mabokosi a batire amene amayendetsa kompyuta magetsi akathima, zimachita chimodzimodzi zikayamba kuyendera batire. Inveta yolembedwa kuti pure sine wave imatulutsa magetsi osalala, ndipo ndiyo yoyenera zipangizo za mawu. Palibe nthambo kapena isolator imene ingakonze magetsi a modified sine wave, chifukwa phokosolo likulowera kumagetsi osati kunthambo ya mawu. Ngati kusintha inveta sikungatheke pakali pano, pa nthawi imene magetsi athima gwiritsani ntchito mahedifoni, sipika ya batire lakelake, kapena masipika a USB oyendetsedwa ndi power bank.

Jenereta ili ndi khalidwe lina. Majenereta ang'onoang'ono ambiri amafunika kuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi kuti atulutse 50 Hz, ndipo filiji kapena pampu ya madzi ikayaka injini imalemedwa, n'kutsika liwiro. Ndiye chifukwa chake mumamva liwu la phokosolo likutsika n'kukweranso. Majenereta olembedwa kuti inverter generator alibe vuto limeneli kwenikweni. Onetsetsaninso kuti amene anaika inveta kapena jenereta yanu analumikiza earth moyenera, popeza nthawi zina earth imatayika nyumba ikachoka pa ZESCO n'kupita pa batire.

Chizolowezi china chothandiza n'chozimitsa masipika pasoketi magetsi akangothima, n'kudikira pang'ono akabweranso musanawayatse, chifukwa nthawi yobwererayo magetsi akhoza kudza ndi mphamvu yopitirira.

Foni ikatsala pang'ono kulira, masipika amayamba "tititi-tititi". Kodi ndi choopsa?

Si choopsa. Foni ikakhala pa netiweki ya 2G imatumiza uthenga wake m'tizidutswa, pafupifupi maulendo 217 pa sekondi, ndipo nthambo za masipika zimatola tizidutswato n'kutisandutsa mawu. Zimachitika kwambiri pamene netiweki ili yofooka, chifukwa foni imawonjezera mphamvu pofuna kufikira nsanja, komanso pamene foni ya 4G yabwerera ku 2G kuti ilandire kuimba. Ichotseni patebulo, muiike pamtunda wa mita imodzi kapena iwiri. Rauta ya intaneti ndi MiFi nazonso zisatsamire masipika.

Ndikasuntha mausi kapena ndikatsegula gemu ndimamva kulira kopyapyala. Kumachokera kuti?

Kumachokera m'kati mwa kompyuta. Purosesa ndi khadi la zithunzi zimakoka magetsi mosinthasintha malinga ndi ntchito, ndipo mbali yotulutsa mawu ili pabolodi lomwelo, choncho imatolako kusinthasinthako. Pakompyuta ya patebulo, bowo lakutsogolo ndilo limavutika kwambiri, chifukwa waya wake amadutsa m'kati mwa bokosi pafupi ndi zipangizo zina, ndipo nthawi zambiri amakhala wosakutidwa bwino. Samutsirani masipika kubowo lobiriwira lakumbuyo. Kumeneko lapinki ndi la maikolofoni, labuluu ndi lolowetsera mawu ochokera kwina.

Masipika amene amatenga magetsi pa USB ya kompyuta, mawu n'kumatenga pa 3.5 mm, ndiwo amavutika koposa, popeza 5 V ya pa USB imakhala ndi zosokoneza zambiri, ndipo nthambo ziwirizo zimapanga kabwalo kawokawo. Zulani USB ya masipika pakompyuta n'kuilowetsa m'chaja yabwino ya foni kapena m'power bank, nthambo ya mawu muisiye pomwe ili. Kawirikawiri phokoso limathera pomwepo. Ngati likupitirira, kakhadi ka mawu ka pa USB kamatulutsa ntchito ya mawu kunja kwa bokosi, ndipo kamathandiza pamakompyuta ambiri, ngakhale kuti sikadula ground loop pakokha, chifukwa USB nayonso ili ndi waya wolumikiza zitsulo.

Kodi nthambo kapena fumbi zingachititse phokoso lalikulu chonchi?

Inde, ndipo n'zimene ziyenera kuyang'anidwa msanga. Kapulagi ka 3.5 mm kakapanda kulowa mpaka kumapeto, waya wokutira uja sagunda, ndipo phokoso limakhala lalikulu kuposa nyimbo. Chikwama cha laputopu kapena chotetezera foni nthawi zina chimatchinga kuti kapulagiko kasalowe konse. Kazungulitseni pang'onopang'ono kali m'bowo, kenako pindani nthambo pafupi ndi mutu wake, malo amene mawaya amakonda kudukira m'kati. Phokoso likamasintha pamene mukupinda, nthamboyo yatha ntchito.

Fumbi la mu Lusaka m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala limalowa paliponse, ndipo chinyezi cha m'dzinja chikalipeza m'mabowo chimayambitsa dzimbiri. Pukutani kapulagi ndi kansalu konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol kapena mankhwala otsukira zipangizo za magetsi, kompyuta ili yozimitsa, ndipo mukalowetse ndi kukazula kangapo kuti katsuke m'bowo. Musagwiritse ntchito madzi, mafuta ophikira kapena parafini. Voliyumu imene imathetheka poipotokola imachira mukaizungulitsa uku ndi uku maulendo ambiri masipika ali ozimitsa.

Kayalidwe ka nthambo nako n'kofunika. Nthambo ya mawu isamangidwe mtolo umodzi ndi za magetsi, ngakhale kuti tebulo limaoneka laudongo zikatero. Zisiyanitseni, ndipo pamene zikuyenera kukumana zidutsane mopingasa, zisayende motsatana. Nthambo yaifupi imatola zosokoneza zochepa kuposa yaitali yolumikizalumikiza.

Ndikakhudza nsonga ya nthambo ndi chala, masipika amalira kwambiri. Kodi ali ndi vuto?

Alibe. Thupi la munthu limatola timagetsi kuchokera ku mawaya a m'nyumba, ndipo chala chikagunda nsongayo ampulifaya imakweza timagetsito. Zimenezi zimangosonyeza kuti ampulifaya ikugwira ntchito. Tsitsani voliyumu musanazule kapena kulumikiza nthambo.

Nanga phokoso la "shiii" limene limamveka nyimbo zikaima?

Ampulifaya iliyonse ili ndi kaphokoso kake kachibadwa, ndipo kamamveka pamene voliyumu ya pamasipika yafika kumapeto chifukwa ya pakompyuta ili pansi. Sinthanitsani: kwezani ya pakompyuta kufika cha pa 70 kapena 80, ya pulogalamu yoimbira nyimbo ikhalenso yokwera, ndipo ya pamasipika muitsitse mpaka mawu akwanire chipinda. Mawu ofunika akalowa ali amphamvu, ampulifaya sifunika kukweza kwambiri, ndipo "shiii" uja amatsika limodzi ndi kung'ung'udza kulikonse kumene kunalowera m'nthambo.

Pa Windows yang'ananinso maikolofoni. M'makonzedwe a mawu, pansi pa Recording, tsegulani maikolofoni yanu n'kuonetsetsa kuti Listen to this device sinasankhidwe, ndipo Microphone Boost muitsitse. Listen to this device ikakhala yosankhidwa, chilichonse chimene maikolofoni yatola chimatulukira m'masipika, ndipo nthawi zina chimafika pokuwa mwamphamvu.

Masipika amang'ung'udza ngakhale popanda cholumikizidwa chilichonse. Kodi akhoza kukonzedwa?

Choyamba dziwani ngati phokoso likutuluka pamene pamatulukira mawu kapena m'bokosi lenilenilo. Pa masipika okhala ndi subwoofer, bokosi lalikulu la mawu akuya, ampulifaya ndi thiransifoma zimakhala m'bokosi limenelo. Ikani dzanja pabokosi voliyumu ili pansi. Ngati likunjenjemera ndipo liwu likuchokera m'katimo, ndiye kuti thiransifoma ikugwedezeka, mwina chifukwa zomangira zake zamasuka kapena zitsulo zake zalekana ndi ukalamba. Mmisiri akhoza kuimangitsa n'kuika labala pansi pake.

Ngati phokoso likutuluka m'masipika onse mofanana, silisintha mukapotokola voliyumu, ndipo lakhala likukula pang'onopang'ono m'miyezi yapitayi, okayikiridwa kwambiri ndi ma capacitor aakulu amene amasalaza magetsi asanafike ku ampulifaya. Akauma chifukwa cha kutentha ndi ukalamba, magetsi amafika ali ndi mafunde a 100 Hz, ndipo mafundewo ndiwo mumawamva. Amene awonongeka nthawi zambiri amatupa pamwamba kapena amatuluka madzi abulauni, ngakhale ena amafa akuoneka abwinobwino. Kuwasintha ndi ntchito yodziwika kwa okonza mawailesi ndi ma TV, amene amapezeka m'tauni ndi m'misika ya m'makomboni monga ku Matero, Chilenje ndi Mtendere, ndipo zida zake n'zotsika mtengo poyerekeza ndi masipika atsopano. Pemphani kuti aike a kukula komweko, a ma volt ofanana kapena oposa, ndipo ngati alipo, olembedwa 105°C, amene amapirira kutentha kuposa a 85°C. Musatsegule nokha ngati simunazolowere, chifukwa ma capacitor amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa.

Masipika amene ali ndi adaputa yakunja ndi osavuta: yesani adaputa ina, koma ikhale ya ma volt omwewo, ya mtundu womwewo wa AC kapena DC, ndiponso yofanana mbali ya + ndi ya -, apo ayi muwotcha ampulifaya. Phokoso lonjenjemera limene limabwera pa mawu akuya okha, n'kutha nyimbo ikaima, si la magetsi. Limachokera ku sipika yong'ambika, sikuluwu yomasuka kapena chinthu chimene chikugwedezeka patebulo.

Kutchalitchi tikalumikiza laputopu ku mikisa, holo yonse imamva kung'ung'udza. Tichite chiyani?

Apa ground loop imakula chifukwa laputopu, mikisa, pulojekita ndi maampulifaya zimakhala pamasoketi otalikirana, ndipo nthambo zimakhala zazitali. Chipangizo choyenera ndi DI box. Laputopu imalowa mu DI box ndi nthambo yaifupi, ndipo kuchokera pamenepo mawu amapita ku mikisa pa nthambo ya XLR. Nthambo ya XLR imanyamula mawu pa mawaya awiri otembenuzana, ndipo mikisa imachotsa chilichonse chimene chalowa mofanana pa onse awiri, moti nthamboyo ikhoza kuyenda mamita ambiri osatola phokoso. Pa DI box pali batani lolembedwa ground lift, limene limadula bwalo kumbali ya mawu, earth ya magetsi n'kutsala yosakhudzidwa. Limeneli mukhoza kulidina mopanda mantha. Yambani mwayesa kuzula chaja ya laputopu ndi nthambo ya pulojekita, chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chikutseka bwalo, ndipo ngati n'kotheka zipangizo zonse za mawu zitenge magetsi pamzere umodzi wosiyana ndi wa mafani ndi nyale.

Mawu amadukaduka kapena kuthetheka pamene nyimbo ikuimba. Kodi ndi magetsi omwewo?

Kawirikawiri ayi. Phokoso limene limabwera pokhapokha kompyuta ikutulutsa mawu, ndipo limamvekanso pamahedifoni, limachokera ku mapulogalamu. Ikaninso ma driver, mapulogalamu oyendetsa mawu, ochokera kwa amene anapanga kompyutayo, m'makonzedwe a mawu zimitsani audio enhancements, ndipo pa Advanced sankhani 44100 Hz kapena 48000 Hz. Kompyuta yolemedwa ndi ntchito zambiri kapena yotentha chifukwa cha fumbi pa fani imadulanso mawu. Pa masipika a Bluetooth, kumbukirani kuti Bluetooth imagawana 2.4 GHz ndi Wi-Fi, ndiponso kuti zipangizo za USB 3.0 zimasokoneza mafunde omwewo, choncho yandikitsani sipika ndipo mutalikitse rauta.

Kodi surge protector, nthambo zodula kapena timphete ta ferrite zingathetse kung'ung'udza?

Surge protector imateteza zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi, ndipo ndi yofunika kukhala nayo m'nyengo ya mvula, koma sichotsa phokoso la 50 Hz. Pa ziphaliwali zamphamvu, kuzula mapulagi ndiko chitetezo chodalirika. Timphete ta ferrite, tija timaoneka ngati chotupa pafupi ndi mutu wa nthambo, timachepetsa zosokoneza za mafunde okwera kwambiri monga za machaja, koma pa kung'ung'udza kwakuya sitichita kanthu. Nthambo yokutidwa bwino imaposa yopyapyala ya pamsika, komabe mutu wagolide suthetsa ground loop, ndipo ndalama imeneyo ingagwire ntchito yabwino pa isolator.

Ngati ndaganiza zogula ena, ndiyese chiyani ndisanalipire?

Kaya mukugula ku Kamwala, m'mashopu a m'tauni kapena kwa munthu amene anagwiritsapo kale ntchito, pemphani kuti awayatse. Lumikizani foni yanu, imitsani nyimbo, kwezani voliyumu ya pamasipika kufika pakati, ndipo yandikitsani khutu pa sipika iliyonse, chifukwa m'shopu mumakhala phokoso lambiri lobisa kung'ung'udza. Potokolani voliyumu kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti mumve ngati ikuthetheka, gwedezani nthambo pamene yalowera m'bokosi, ndipo muimbe nyimbo ya mawu akuya kuti muone ngati china chake chikunjenjemera. Sankhani amene nthambo yawo ya mawu imazuka, kuti ikaduka mudzasinthe nthambo yokha. Werengani zolembedwa kumbuyo: akhale a 220 mpaka 240 V, kapena a 100 mpaka 240 V, chifukwa masipika a 120 V ochokera ku America amapsa akangolowa pasoketi ya kuno. Ngati kwanu mumadalira inveta ya modified sine wave, gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukawayese kunyumba magetsi atathima, ndipo mgwirizano wowabweza ulembedwe pa lisiti.